Nkhomaliro ya ku Florence siidikira munthu

Amene mukukonza zokaona mzinda wa Florence ku Italy, makamaka ngati mwatenga munthu wachikulire, nkhani ya nkhomaliro muziiganiziratu tsiku lomwe mukugula tikiti ya myuziyamu. Kumeneko malesitilanti amene eni mzinda amadyako amayamba kupakula cha m'ma 12:30 masana, ndipo ikamakwana 2:30 ophika amakhala akutsuka mapoto. Akatseka atseka, moto amadzausonkhanso cha m'ma 7 koloko madzulo. Malo otsegula tsiku lonse alipo ndithu, koma ambiri mwa iwo ndi aja otchera alendo, mitengo yake yoboola m'thumba.

Ine ndinapitako ndi amayi anga. Iwo anabwera ku Rome ndi gulu la kutchalitchi kwawo, ine ndinachokera kumene ndimagwira ntchito kukakumana nawo. Tsiku limene gululo linauzidwa kuti aliyense achite zake, tinalawirira kukakwera sitima yothamanga ija, ndipo patangotha ola limodzi ndi theka tinali titafika. Pa tikiti ndi pa zikwangwani pamalembedwa Firenze, siteshoni yotsikira ndi Santa Maria Novella. Amayi ali ndi matenda a shuga. Amene muli ndi kholo lotere mukudziwa kuti njala yawo si youza munthu kuti pirirani pang'ono. Nthawi yodya ikadutsa manja amayamba kunjenjemera, nkhope n'kusintha, ndipo ulendo wonse umathera pomwepo. Choncho ine tsiku limenelo maso anga anali pawiri, pa zithunzi ndi pa wotchi.

Myuziyamu ya Uffizi imadya nthawi kuposa momwe munthu angaganizire akaiona kunja. Nyumbayi inayamba kumangidwa mu 1560 ndi Giorgio Vasari kuti ikhale maofesi a boma la Cosimo I wa banja la Medici. Mu 1737 Anna Maria Luisa de' Medici, womaliza wa banjalo, anasaina pangano loti zithunzi ndi ziboliboli zimene makolo ake anasonkhanitsa zisadzachoke mu Florence. N'chifukwa chake zonse zinaunjikana pamalo amodzi, chipinda ndi chipinda, ndipo amene walowa akuti ndingozungulira ola limodzi amatuluka atatha maola atatu kapena anayi. Amatsegula 8:15 m'mawa, Lolemba satsegula. Tikiti yogula pa intaneti imakhala ndi nthawi yolowera, ndipo apa ndi pamene nkhomaliro imakonzekera kapena kuonongekera. Ife tinatenga ya 9 koloko. Wotenga ya 11 koloko adziwiretu kuti adzatuluka makhitchini atatsekedwa.

Kuona kumayambira pamwamba penipeni. Masitepe ake ndi aatali, koma chikepe chilipo, ndipo ogwira ntchito atangoona amayi ndi ndodo yawo anatilozera okha. Kuchipinda china chakumayambiriro, kumene kuli zithunzi zitatu zikuluzikulu za Amayi Maria zojambulidwa ndi Cimabue, Duccio ndi Giotto, amayi anangoima chilili, korona yawo ili m'manja. Pa chithunzi cha Leonardo da Vinci cha mngelo Gabriel akubweretsa uthenga ndiye anachita kukhazikika. Ine ndinkangoti, "Amayi, kutsogoloku kukadali zambiri," iwo n'kumati, "Dikira kaye mwanawe, zimenezi ndinkangoziona m'makalendala." Titafika pa Venus, mkazi wosavala wa pachithunzi cha Botticelli, amene aliyense amakanganirana kumujambula, anangomuyang'ana kamodzi n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wa eni akeyu sanamupatseko ndi chitenje chomwe?" Pamenepo tinadutsa msanga, ndipo wotchi inapumako.

Kumapeto kwa khonde lomaliza la pamwambapo kuli malo ogulitsa khofi ndi tizakudya, okhala ndi bwalo loyang'anizana ndi nsanja ya Palazzo Vecchio, nyumba yakale ya boma la mzindawu. Anthu ambiri akafika apa amaganiza kuti amaliza, osadziwa kuti m'munsimo mukadali zipinda zina, kuphatikizapo za zithunzi za Caravaggio. Ndipo munthu ukatuluka pachipata sulowanso ndi tikiti yomweyo. Ife tinafika pamenepa 11 koloko itadutsa, ndipo ndinawagulira amayi kasangweji kakang'ono ka tchizi kuti kawagwirize m'mimba. M'zipinda za zithunzi salola kudya, ndiye malo okhawo oponyera kanthu mkamwa ndi amenewa. Dziwaninso kuti pafupifupi paliponse ku Italy khofi womwera pakauntala utaimirira ndi wotchipa kuposa yemweyo utakhala pampando n'kukubweretsera. Ine ndinamwa wanga choimirira, amayi ndinawakhazika pansi, ndipo ndalama ya mpandoyo sindinaidandaule. Musanatuluke mulowenso kuchimbudzi konko. Kunja zimbudzi za aliyense n'zochepa komanso zolipira, ndipo za m'mashopu a khofi ndi za makasitomala.

Tinatulukira kuseri kwa nyumbayo, pa Piazza del Grano, nthawi ili cha m'ma 12:30. Ukangotuluka pamenepo miyendo imakutengera yokha mu Via dei Neri, chifukwa khamu lonse limalowera komweko. Ndi kamsewu kopapatiza kodzaza ndi mashopu ogulitsa schiacciata, buledi wophwatalala wothira mafuta a olivi ndi mchere pamwamba, amene amamung'amba pakati n'kuikamo nyama ndi tchizi. Fungo lake lokha limakudzutsira njala. Masangweji ake ndi aakulu, imodzi ikhoza kukwanira anthu awiri, ndipo mtengo wake si woopsa. Vuto ndi mizere. Pamashopu otchuka mzere unachita kukhota, dzuwa lili paliwombo, ndipo ogula kale anali kudya choimirira, ena atatsamira makoma, mafuta akuyenderera m'mikono. Pokhala palibe. Mu 2018 khonsolo ya mzindawu inafika poika lamulo la miyezi ingapo loletsa kudyera m'mbali mwa msewu ndi pamakomo a anthu mu Via dei Neri ndi misewu ina yoyandikana nayo pa nthawi ya nkhomaliro ndi ya mgonero, chindapusa chake kuyambira mayuro 150 mpaka 500. Eni nyumba anali atatopa ndi zinyalala komanso anthu otsekereza zitseko. Ndiye musati mukaona khonde la munthu lili ndi mthunzi n'kukhalapo n'kuyamba kumasula pepala.

Kwa achinyamata oyenda okha, Via dei Neri ndi yabwino: sankhani shopu imene mzere wake ndi waufupi, chifukwa kusiyana kwa buledi wa apa ndi wa apo sikofika poti munthu n'kuimira ola lathunthu. Abale athu achisilamu ndi a Seventh Day achenjere, pafupifupi nyama zonse zopachikidwa m'mashopu amenewa ndi za nkhumba. Prosciutto, finocchiona, porchetta, salame, yonseyo ndi nkhumba, ngakhale ina siioneka choncho. Kunena kuti "senza maiale" (popanda nkhumba) kumakwanira, amakuikirani tchizi ndi mabiringanya kapena masamba ena. Safunsa anadya phula.

Ife tinabwerera. Tinadzera kamsewu ka Via della Ninna n'kutulukira pabwalo lalikulu la Piazza della Signoria. Pakhoma la Palazzo Vecchio, kuseri kwa chiboliboli cha Neptune, pali mpopi wa madzi akumwa aulere, ozizira bwino, ndipo pali batani la madzi wamba ndi la madzi a gasi. Tinadzaza mabotolo athu. Amayi anakanikiza la gasi osadziwa, atamwa n'kukwinya nkhope, akuti madzi awa awola.

M'misewu yozungulira bwaloli ndi mmene muli aja oitanira. Mnyamata wina wovala bwino, menyu ili m'manja, anatitchingira njira akumwetulira, "Mamma, mamma, prego!" uku akukokera amayi mpando. Amayi, poti ndi munthu waulemu, anali atayamba kale kukhala. Ndinawagwira mkono n'kupempha kuti ndione kaye menyu. Inali ya zinenero zambirimbiri, chakudya chilichonse chili ndi chithunzi chake, masamba ake ochuluka ngati ophikawo amadziwa kuphika za dziko lonse la Italy. Pamwamba analemba nyama yotchuka ya mumzindawu, bistecca alla fiorentina, pamtengo wooneka wochepa modabwitsa. Pambali pa mtengowo panali timalemba ting'onoting'ono toti "all'etto", kutanthauza kuti mtengowo ndi wa magalamu 100 okha. Nyama imeneyi amaidula yochindikala, ya fupa pakati, ndipo nthuli imodzi kawirikawiri imafika kilogalamu kapena kuposa. Wongoona nambala yoyambayo amadzazindikira bilu itafika kuti ayichulukitse kakhumi. Kugulitsa nyamayi poyeza kulemera si kuba ayi, ndi mmene amagulitsira paliponse mu Florence, kungoti ena amalemba poonekera, ena amabisa. Tinathokoza n'kupitirira, mnyamatayo n'kutembenukira kwa ena amene ankabwera m'mbuyo mwathu.

Chakudya chimene ndimafuna kuti amayi alaweko chinali pafupi pomwepo. Kuchoka pabwalo lija kuyenda mphindi zochepa pali kamsika ka Mercato Nuovo, kamene pali chiboliboli cha nguluwe chimene alendo amachisisita mphuno mpaka inachita kuwala. Pakona pake pamaima ngolo yogulitsa lampredotto. Ng'ombe ili ndi zifu zinayi, ndipo lampredotto ndi chifu chachinayicho, chowiritsidwa nthawi yaitali mumsuzi wa tomato, anyezi ndi masamba onunkhira mpaka kufewa. Ndi chakudya cha anthu wamba kuyambira kalekale, cha amene nyama ya minofu sankaikwanitsa, ndipo mpaka pano pangolo zoterezi umapezapo amisiri ovala maovolosi ataima limodzi ndi a masuti.

Bambo wogulitsayo anavundukula mphika, nthunzi n'kuti tolo. Anavuula chidutswa ndi foloko yaitali, n'kuchiika pathabwa, mpeni n'kumangomveka go go go, mwachangu osayang'anapo n'komwe. Anatenga bani yozungulira, yolimba kunja, n'kuidula pakati, n'kuunjikamo nyamayo, kuwaza mchere ndi tsabola wakuda. Kenako anandiyang'ana. "Salsa verde? Piccante?" Woyambayo ndi msuzi wobiriwira wa parsley wosinja ndi adyo ndi mafuta, winayo ndi wa tsabola wowawa. Ndinati zonse. Anafunsanso, "Bagnato?" Ndinavomera, iye n'kubaya kapamwamba ka bani ndi foloko, kukaviika mumphika muja, kuvindikira, kukulunga m'pepala. Zonsezi mphindi imodzi siinakwane, ndipo ndinalipira mayuro osapitirira 6.

Amayi anayamba aisuzumira kaye, kuinunkhiza, kenako n'kuluma. Anatafuna pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana. "Iwe, izitu ndi zam'kati zomwe zija timagula pachiwaya. Azungu amadyanso zimenezi?" Ndinati amadya, ndipo amazinyadira. Anaseka mpaka wogulitsa uja anasekanso osadziwa chimene chikusekedwa. Podya muziweramira kutsogolo, miyendo motalikirana, chifukwa msuzi umadontha, ndipo bulauzi ya amayi ndi mboni. Kwa ine ichi ndiye chakudya chokoma kuposa zonse zimene ndinadya mumzindawu, ndipo ndi ng'ombe, choncho osadya nkhumba sakuyenera kuda nkhawa ndi mtundu wa nyamayo, ngakhale ofuna ya halaal afunika kufunsa padera. Amene zam'kati sizikuyanjani musadzikakamize, fungo lake silibisika.

Tinagawana imodzi yokha, chifukwa amayi ankafunika kukhala pansi n'kudya chakudya chenicheni, miyendo inali itayamba kutupa. Nthawi inali itadutsa 1 koloko. Tinatsetsereka ndi Via Por Santa Maria n'kukwera mlatho wa Ponte Vecchio. Pamlatho umenewu musayembekezere kupezapo chakudya. Kale panali mabutchala, koma mu 1593 Ferdinando I anawachotsa chifukwa cha fungo n'kuikapo osula golide, ndipo mpaka lero ndi mphete ndi mikanda yokhayokha mbali zonse. Anthu amadzazapo kwambiri, chikwama muzichigwirira kutsogolo.

Kutsidya kwa mtsinje wa Arno, dera lotchedwa Oltrarno, zinthu zimasintha ukangochoka pamsewu waukulu wopita ku Palazzo Pitti n'kukhotera kumanja cha ku Piazza Santo Spirito. Phokoso limachepa, umayamba kuona mashopu a akalipentala ndi okonza mafelemu a zithunzi. Wachinyamata akhoza kufikako mphindi 10 kuchokera pamlatho, ife tinatenga nthawi yoposerapo poti tinkapumira m'njira. Ndinkayang'ana malo opanda woitanira pakhomo, a menyu yaifupi ya Chitaliyana chokha, ndipo mkati mukumveka anthu akulankhula chinenero cha komweko. Tinapeza kalesitilanti kotero mukamsewu kena, zakudya za tsikulo zitalembedwa pamanja papepala lomata pagalasi. Tinalowa 2 koloko isanakwane.

Menyu ya ku Italy imagawidwa magawo: primo, kumene kuli pasta ndi supu, secondo, kumene kuli nyama kapena nsomba, ndi contorno, masamba kapena mbatata zapambali zimene zimaitanitsidwa pazokha. Palibe amene amakukakamiza kudya zonse. Masana kuitanitsa mbale imodzi n'kwabwinobwino. Amayi ndinawaitanitsira ribollita, supu yolimba ya nyemba zoyera, masamba akuda a mtundu wa kabichi otchedwa cavolo nero, ndi buledi wogona, yophikidwa dzulo lake n'kuiwiritsanso. Imabwera yokhuthala moti supuni ikhoza kuima yokha, pamwamba atathirapo mafuta a olivi osaphika. Ine ndinatenga pappa al pomodoro, ya tomato ndi buledi yemweyo. Ndinaitanitsanso mbale ya nyemba ndi ina ya masamba ofwafwaza kuti amayi asakhute buledi yekha, poganizira shuga uja. Ribollita nthawi zambiri imakhala yopanda nyama, koma ophika ena amaponyamo kachidutswa ka nkhumba kuti ikome, ndiye osadya nkhumba afunsenso apa.

Buledi wa m'kabasiketi amene anatiikira patebulo ndiye anawakhumudwitsa amayi. Analuma kamodzi n'kuti, "Aiwala mchere anthuwa, kawauze." Sanaiwale. Buledi wa ku Tuscany amaphikidwa wopanda mchere kuyambira kale, ndipo amakoma ukamamusunsa mumsuzi kapena kudyera nyama ndi tchizi zamchere wambiri. Atamusunsa mu ribollita anasiya kudandaula, koma sananene kuti wakoma.

Patebulo loyandikana nafe panali amuna awiri amene anaitanitsa bistecca ija. Woperekera zakudya anabwera nayo yaiwisi kudzawaonetsa kaye n'kuwauza kulemera kwake, iwo n'kuvomera, ndiye n'kupita nayo kukaotcha. Umu ndi mmene malo abwino amachitira. Itabwera inali yopserera kunja, mkati mofiira, magazi akuoneka pathabwa. Amayi anayang'ana kumbali n'kunena chapansipansi kuti ng'ombe imeneyi ikhoza kudzuka. Ife amene tinazolowera nyama yopsa mpaka mkati tidziwiretu kuti bistecca amaiotcha choncho dala, ndipo kupempha kuti aipsereze ophika ambiri sakondwera nako. Kuli bwino kuitanitsa nyama ina yophika mumphika, monga peposo, ng'ombe yowiritsa nthawi yaitali mu vinyo ndi tsabola wakuda.

Madzi patebulo amagulitsa a m'botolo, ndipo amafunsa kuti naturale kapena frizzante. Osafuna a gasi anene naturale. Bilu siibwera yokha ngakhale mutakhala mpaka madzulo, kwa iwo kukubweretsera usanapemphe kuli ngati kukuthamangitsa. Umati "il conto, per favore", kapena kupita wekha pakauntala. Pabilupo mudzaona mzere wolembedwa coperto, ndalama imene munthu aliyense amalipira chifukwa chokhala patebulo, kuphatikizapo buledi uja, kaya mwamudya kaya ayi. Kwa ife inali mayuro 2 munthu mmodzi, ndipo inalembedwa m'munsi mwa menyu. M'malo a pabwalo lalikulu muja imakhala yokwererapo, ndiye muziiyang'ana musanakhale. Ndalama yothokoza woperekera zakudya si yokakamiza, ife tinangosiya tindalama tachitsulo timene tinatsala.

Tikumalizitsa kudya, banja lina la ana awiri linalowa, nkhope zikuoneka kuti nawonso achokera ku myuziyamu. Mayi wa palesitilantipo anangotambasula manja n'kuwauza kuti khitchini yatsekedwa. Nthawi inali 2:40. Matebulo opanda anthu analipo, bambo uja anayesa kuchonderera akuloza anawo, koma sizinatheke.

Zikakuchitikirani zoterezi, pitani ku Mercato Centrale, kudera la San Lorenzo, kufupi ndi siteshoni ya sitima. Ndi msika wachitsulo ndi magalasi wa mu 1874. Pansi pamagulitsidwa nyama, tchizi ndi masamba, ndipo mu 2014 pamwamba pake anakonzapo malo odyera amene amakhala otsegula kuyambira m'mawa mpaka usiku. Pali makauntala osiyanasiyana, pasta, pizza, nsomba, lampredotto yemwe, aliyense amagula chimene akufuna n'kukakhala pamatebulo a onse. Pamakhala phokoso, mitengo ndi yokwererako kuposa ya pangolo, koma mipando ndi zimbudzi zilipo. Ife tinadzerako madzulo pobwerera kusiteshoni, kukagula zipatso zoti amayi adye m'sitima.

Msika wina umene eni mzinda amaukonda ndi wa Sant'Ambrogio, kupitirira tchalitchi cha Santa Croce, mtunda wa mphindi pafupifupi 15 kuchokera ku Uffizi. Mkati mwake muli malo odyera otchipa, okhala mothithikana ndi anthu osawadziwa, koma umenewu ndi msika wa m'mawa, cha m'ma 2 koloko amakhala akulongedza. Ndi wa amene alowa mu Uffizi 8:15 n'kutuluka 12 koloko isanapitirire kwambiri. Lamlungu msikawu sutsegula, Lolemba ndiye myuziyamu siitsegula, choncho wofuna zonse ziwiri asankhe tsiku la pakati pa Lachiwiri ndi Loweruka.